Joel ndi Mfumu Mponda: Mmene Nkhani Imaimikira Munthu pa Mlandu

Nkhani ya lero ikukhudza luso limene ofotokoza nkhani ali nalo, lochititsa omvera kukonda munthu amene wachita zoipa, kapena kuda munthu amene wachitako zabwino. Luso limeneli ndi lakale ngati nthano zimene, koma masiku ano likupezekanso m'maseŵero a pakanema, amene achinyamata amangowatcha kuti magemu. Anthu aŵiri ndiwo athandize kumveketsa nkhaniyi. Woyamba ndi Joel, munthu wongopeka wa m'seŵero lina la ku America. Wachiŵiri ndi Mfumu Mponda ya ku Mangochi, munthu weniweni, amene m'chaka cha 1875 adalola amishoni kukhala pa Chembe, pamene alendo amapatcha Cape Maclear. Pakati pa aŵiriŵa pali nyanja yamchere ndi zaka zoposa 100, koma onse ndi ovuta kuwaweruza, ndipo chimene munthu amaganiza za iwo chimadalira kwambiri pamalo pamene wofotokoza nkhani wamuimika.

Choyamba ndi bwino kufotokoza za maseŵerowo, pakuti omvera ambiri achikulire amangodziŵa aja a mpira, amene anyamata amaunjikana nawo m'timashopu ta m'matauni ndi m'malo a malonda. Alipo maseŵero ena amene ali ndi nkhani yaitali, yotenga maola oposa 10 kuti ithe. Kusiyana kwake ndi filimu n'koti woonera filimu amakhala manja ali m'thumba, pamene woseŵera amagwira kachipangizo ka mabatani m'manja mwake. Munthu wa pakanemayo sayenda mpaka woseŵera atamuyendetsa, satsekula chitseko mpaka woseŵera atadina batani, ndipo sawombera mfuti popanda chala cha woseŵerayo. Mfundo imeneyi omvera aisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Seŵero lotchedwa The Last of Us lidatuluka m'chaka cha 2013. Lidapangidwa ndi kampani ya Naughty Dog ya ku California, ndipo amene adalemba nkhani yake ndi Neil Druckmann. M'nkhaniyo mwagwa mliri woopsa wochokera ku mtundu wina wa boŵa wotchedwa Cordyceps. Boŵa umenewu ulipodi, ndipo umagwira nyerere ndi tizilombo tina, koma olemba adapeka kuti wayamba kugwira anthu ndi kuwasandutsa olusa ngati agalu achiwewe. Usiku woyamba wa mliriwo, Joel akuthaŵa mumzinda wa Austin atanyamula mwana wake wamkazi, Sarah. Msilikali amene walamulidwa kuti asalole munthu kudutsa akuwawombera, ndipo mwanayo akufera m'manja mwa bambo wake.

Patapita zaka 20, Joel ali ku Boston, ndipo wasanduka munthu wouma mtima, wozembetsa katundu. Mayi wina dzina lake Marlene, mtsogoleri wa gulu loukira boma lotchedwa Fireflies, akumupatsa ntchito yoperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14. Mtsikanayu adalumidwa ndi wodwala koma sadadwale, ndipo gululo likukhulupirira kuti m'thupi mwake muli chinsinsi cha katemera. Ulendo wawo ukudutsa dziko lonse la America, kuchokera kuvuma mpaka kuzambwe, ndipo ukutenga pafupifupi chaka. Poyamba Joel akumuona Ellie ngati katundu wongonyamula. Pang'onopang'ono akuyamba kumuphunzitsa kugwira mfuti, kuseka naye, ndi kumutetezera ngati mwana wake. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Joel akufika pomva choncho mumtima mwake.

Atafika pa chipatala cha mumzinda wa Salt Lake City, Joel akuuzidwa kuti madokotala sangathe kupanga katemerayo popanda kung'amba ubongo wa Ellie, ndipo mtsikanayo afa. Ellie ali chikomokere, ndipo palibe amene wamufunsa maganizo ake. Joel akutenga mfuti, akupha alonda a chipatalacho, akupha dokotala wamkulu, ndipo akunyamula mwanayo. Potuluka akukumana ndi Marlene, amene adali bwenzi la mayi wake wa Ellie, ndipo akumupha ngakhale kuti mayiyo akupempha chifundo. Ellie atatsitsimuka, Joel akumunamiza kuti anthu osadwala ngati iye apezeka ambiri, ndi kuti madokotala ataya mtima pa zofuna katemera. Mtsikanayo akumupempha kuti alumbire, ndipo iye akulumbira bodza. Seŵero likuthera pomwepo.

Mlandu umenewu utabwera pa bwalo la mfumu mosakometsera, ungamveke chonchi: mwamuna wina wapha anthu ambiri, wapha dokotala amene akadatha kupulumutsa dziko, ndipo wanamiza mwana amene adamukhulupirira. Komabe anthu ochuluka amene adaseŵera adatuluka ali kumbali ya Joel. Izi sizidachitike mwangozi. Olemba adakonza njira zingapo zowafikitsa pamenepo.

Njira yoyamba ndi ya chimene chikuonetsedwa poyamba. Seŵero likuyamba woseŵera akuyendetsa Sarah, akuzungulira m'nyumba usiku kufunafuna bambo wake. Motero mwanayo akamafa, woseŵera amamva ngati wataya wake. Zoipa zimene Joel adachita m'zaka 20 zotsatira sizionetsedwa. Zimangomveka m'mawu ochepa, monga pamene iwo apulumuka kwa achifwamba mumzinda wa Pittsburgh, ndipo Joel akuvomera kwa Ellie kuti nayenso adakhalapo mbali ya obisalira anthu panjira. Chisoni chake munthu amachiona ndi maso, pamene milandu yake amangoimva ndi khutu, ndipo chimene diso laona chimakhalitsa mumtima kuposa chimene khutu lamva.

Njira yachiŵiri ndi ya maina. Ellie ali ndi dzina, ali ndi nthabwala zake, ali ndi buku lake la mawu oseketsa. Atangotsala pang'ono kufika pa chipatala chija, olemba akumuonetsa akusisita nyamalikiti imene ikuyendayenda mumzinda wabwinja, kuti woseŵera amuone ali mwana weniweni wosangalala. Koma alonda a pachipatala alibe maina, ndipo dokotala wamkulu uja wavala chophimba kumaso. Anthu mamiliyoni amene katemera akadawapulumutsa saoneka konse. Moyo umodzi wokhala ndi nkhope waikidwa pa sikelo pamodzi ndi miyoyo yambiri yopanda nkhope, ndipo wofotokoza akudziŵa kale mbali imene ilemere.

Njira yachitatu ndi ya manja. M'chipinda cha opaleshoni, dokotala akuimirira pakati pa Joel ndi mwanayo atagwira kampeni kake ka ntchito. Woseŵera sapatsidwa mwayi wosankha. Sangathe kubwerera, sangathe kukambirana naye, ndipo nkhani siipita patsogolo mpaka dokotalayo ataphedwa. Chala chimene chadina batani ndi cha woseŵera. Tsono munthu amene wagwira nawo ntchito yoipa amafulumira kuifunira zifukwa, pakuti kutsutsa Joel kwasanduka kudzitsutsa yekha. Filimu ilibe mphamvu imeneyi. Nkhani yomweyi idapangidwanso kukhala filimu ya pawailesi ya kanema ya HBO m'chaka cha 2023, koma kumeneko woonera amangoona Joel akupha, manja ake ali oyera.

Komatu olembawo sadamusambitse Joel kotheratu. M'gawo lomaliza la seŵerolo, woseŵera akuchotsedwa mwa Joel n'kuikidwa mwa Ellie. Akuyenda pambuyo pa Joel, akumuona kumsana ngati munthu wina, ndipo bodza lija likunenedwa kwa iye. Kusintha kochepa kumeneku kukuchititsa kuti munthu amene wakhala ali Joel kwa maola ambiri alaŵe kuŵaŵa kwa kunamizidwa ndi Joel yemweyo.

M'chaka cha 2020 lidatuluka seŵero lachiŵiri, ndipo olemba adatembenuza mphasa. Dokotala wopanda dzina uja adapatsidwa dzina, Jerry Anderson, ndipo adapatsidwa mwana wamkazi, Abby. Adaonetsedwa akumasula mbidzi imene idakodwa mu waya, ndiponso akuvutika mumtima atafunsidwa ngati akadachita opaleshoniyo mwanayo akadakhala wake. Mlandu suwola: Abby akumufunafuna Joel kwa zaka, akumupeza, ndipo akumupha mwankhanza Ellie akuona. Kenaka woseŵera akukakamizidwa kukhala Abby pafupifupi theka la seŵerolo, kudya ndi anzake, kulota maloto ake, ndi kuona Ellie ngati mdani woopsa amene akupha anzake mmodzimmodzi. Ngakhale adani wamba adapatsidwa maina, kotero kuti mmodzi akagwa anzake amamuitana molira. Oseŵera ena adakwiya kwambiri, mpaka ena adatumiza mauthenga oopseza kupha Laura Bailey, mayi amene adalankhula mawu a Abby. Zimene Joel adachita pa chipatala zidali zomwezo m'maseŵero onse aŵiri. Chimene chidasintha ndi malo oimirira poziona.

Luso limeneli si lachilendo kwa Amalaŵi. Agogo akayamba nthano madzulo ndi mawu akuti “Padangokhala,” ana amayankha kuti “Tili tonse,” ndipo amabwereza yankho limeneli mpaka nthano itatha. Ndi mawu amenewo omvera amavomera kuyenda limodzi ndi wofotokoza kulikonse kumene awatengere. Tsono taonani Kalulu. M'nthano yodziŵika ija ya chilala, nyama zonse zidakumba chitsime, iye adakana, koma pambuyo pake ankabwera kudzanyenga alonda ndi uchi, kuwamanga, ndi kutunga madzi amene sadawavutikire. Ameneyu ndi waulesi, wabodza ndiponso wakuba. Koma ana amamusekerera ndi kumufunira zabwino, chifukwa nthano imayenda ndi iye, ndipo iye ndi wamng'ono pakati pa Njovu ndi Mkango. Palibe amene amafunsa za manyazi a mlonda amene adapezeka m'maŵa atamangidwa. Batani la seŵero la pakanema ndi “Tili tonse” wonenedwa ndi chala.

Pa Kalulu ndi pa Joel palibe munthu weniweni amene adavulala. Nkhani imalemera ikafika pa anthu amene adakhaladi ndi moyo, ndipo apa ndi pamene Chembe ikuloŵa. M'mwezi wa October 1875, sitima yaing'ono yotchedwa Ilala idakwera mtsinje wa Shire itanyamula amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pawo padali Dr Robert Laws. Pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja padali mzinda wa Mponda, mfumu yamphamvu ya Ayao. David Livingstone adachezapo pa mzindawo m'chaka cha 1866. Amishoniwo adaima kukapempha malo, ndipo Mponda adawalandira bwino ndi kuwalola kukhala m'dziko lake. Iwo adasankha gombe la Chembe, ndipo adatcha mishoni yawo Livingstonia. Adakhalapo mpaka 1881, pamene malungo ndi zovuta zina zidawasamutsira ku Bandawe.

Munthu akayamba nkhani ya Mponda pa tsiku limenelo, amaona mfumu yochereza alendo, imene idatsekulira khomo sukulu, mankhwala ndi mpingo. Koma Mponda yemweyo chuma chake chidali cha minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ankasonkhanitsidwa pa mzinda wake, ndipo ankayenda pansi atamangidwa magoli ulendo wa ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere, kumene ankasinthanitsidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Munthu akayamba nkhani pa goli, amaona mfumu yogulitsa anthu. Winanso angayambe pa mantha a nthaŵi imeneyo, pamene mzinda wopanda mfuti unkagwidwa ndi mzinda wa mfuti, ndipo angaone mtsogoleri wofuna kuti anthu ake asakhale iwo ogulitsidwa. Nkhani zitatu zonsezi zili ndi choonadi, ndipo iliyonse ikafotokozedwa yokha imasocheretsa.

Amishoni nawonso si osavuta kuwaweruza. Adabwera chifukwa chodana ndi ukapolo, ndipo ena adataya moyo wawo pa ntchitoyo. Koma malamulo amene adapatsidwa ku Scotland adawaletsa kulimbana ndi malondawo mwa nkhondo, kotero kuti adakhala mwamtendere pa malo a mfumu imene ankadziŵa bwino ntchito zake. Ndiye pali Harry Johnston, amene adabwera kudzakhazikitsa ulamuliro wa Britain. M'chaka cha 1891 iye ndi Captain Cecil Maguire, pamodzi ndi asilikali ochokera ku India, adamanga linga kutsidya kwa Shire moyang'anana ndi mzinda wa Mponda wachiŵiri, amene adaloŵa ufumu woyamba uja atamwalira. Adawombera mzindawo ndi mizinga, ndipo akapolo adamasulidwa. Lingalo ndilo lidatchedwa Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi. M'mabuku a atsamunda Johnston adali mpulumutsi. Koma mizinga yomweyo imene idathyola magoli ndiyo idatsekulira njira msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wachilendo umene udatha m'chaka cha 1964.

Njira zija zimene olemba a seŵero adagwiritsa ntchito zikuonekanso pano. Amene adasunga nkhani m'mabuku adali amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, ndipo woŵerenga amaloŵa m'nyanja ya Malaŵi ali m'sitima yawo, akuona gombe ndi maso awo. Pa Chembe pali manda a amishoni amene alendo amakawaona mpaka lero. Maina a ogonamo akudziŵika, monga Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale m'dziko la South Africa, amene onse adamwalira m'chaka cha 1877. Koma amayi, abambo ndi ana amene adawoloka Shire atamangidwa alibe manda odziŵika ndipo alibe maina m'mabuku. Iwo ali ngati anthu aja opanda nkhope amene katemera akadawapulumutsa. M'nkhani ya Mponda, m'nkhani ya amishoni, ngakhale m'nkhani ya Johnston, iwo amatchulidwa ngati chiŵerengero, ndipo palibe amene amayamba nkhani ndi usiku umene mudzi wawo udatenthedwa.

Nkhani zotere sizidathere m'mbiri yakale. Chembe ili mkati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndi kulandiridwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 1984 chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna za m'miyala. Madzi a pafupi ndi magombe ndi zilumba za pakiyo ndi otetezedwa. Msodzi akagwidwa ataponya ukonde m'madzi amenewo, mlonda wa paki amafotokoza za munthu amene akuwononga chuma cha zidzukulu zake zomwe, ndipo amanena zoona. Mkazi wa msodziyo amafotokoza za bambo amene adabwera katatu bwato lili lopanda kanthu, ana ali ndi njala, ndipo nayenso amanena zoona. Womva mbali imodzi yokha amatuluka ali ndi chiweruzo chotsimikiza, koma chopereŵera.

Apa pakufunika kusamala. Kumvetsa munthu si kumupeza wosalakwa. Kudziŵa kuti Joel adataya mwana sikudzutsa dokotala amene adamupha. Kudziŵa kuti Mponda adakhala m'nthaŵi ya mfuti ndi mantha sikusandutsa kugulitsa anthu kukhala chinthu chabwino, monganso kumasula akapolo sikupatsa Johnston ufulu wotenga dziko la eni. Pa bwalo la kumudzi, mfumu yanzeru imamva wodandaula, imamva woyankha, imaitana mboni ndi ankhoswe, ndipo ikatha kumva onse imagamulabe mlandu. Siinena kuti popeza aliyense ali ndi chifukwa chake ndiye kuti palibe wolakwa. Kumva mbali zonse kumathandiza kuti chigamulo chikhale cholungama, ndi kuti chilango chilingane ndi mlandu.

Makolo ambiri amadera nkhaŵa maseŵero a pakanema chifukwa cha mfuti ndi magazi, ndipo nkhaŵa yawo ili ndi maziko. Seŵero la Joel lidapangidwira akuluakulu, ndipo siloyenera ana aang'ono. Koma achinyamata amene afika msinkhu akukumana ndi nkhani zokonzedwa mwaluso tsiku ndi tsiku, m'maseŵero, m'mafilimu, m'mauthenga a pafoni, ndi pamisonkhano ya ndale. Kuwaletsa zonsezi n'kosatheka. Chotheka n'kuwaphunzitsa kufunsa mafunso amene mfumu yabwino imafunsa. Kodi nkhaniyi yayambira pati, ndipo ikadayambira tsiku lina ikadamveka bwanji? Ndani wapatsidwa dzina, ndipo ndani wangoŵerengedwa? Kodi amene wavulala kwambiri wapatsidwa mpata wolankhula?

Mphunzitsi wa mbiri ku Monkey Bay kapena ku Chitipa angathe kufunsa ophunzira ake mafunso ameneŵa pa phunziro la ukapolo, ndi kuwauza kuti afotokoze kufika kwa Ilala monga adakuonera mkazi amene adali m'goli pa mzinda wa Mponda tsiku limenelo. Wotsogolera alendo pa manda a amishoni angathe kuwonjezera mawu aŵiri okumbukira amene alibe manda. Agogo nawonso, Kamba akatha kumugwira Kalulu pa chitsime paja, angathe kufunsa adzukulu awo chimene nyama zimene zidakumba chitsimecho zikadanena zikadapatsidwa mpata. Mwana amene wazoloŵera kufunsa chonchi adzanenabe kuti “Tili tonse,” ndipo adzasangalala ndi nkhani monga kale, koma adzadziŵa amene akuyenda naye ndi amene wasiyidwa m'mbuyo.